Khansa ya Thymus: Proton, X-ray, Kapena Opaleshoni Yokha?

Gogodani ndi chala pafupa la pakati pa chifuwa chanu. Kuseri kwa fupa limenelo kuli kachiwalo kotchedwa thymus, ndipo kuseri kwa kachiwaloko, mogundana ndithu, kuli mtima. Uku ndi uku kuli mapapo. Chakumbuyoko kumadutsa m'mero, kenako msana. Nkhani yonse yosankha njira yochizira khansa ya thymus yagona pa kuthinana kumeneku. Chotupacho sichikhala kutali ndi khungu, sichivuta kuchifika, koma chimakhala pakhomo pa ziwalo zimene munthu sangakhale ndi moyo popanda izo.

Thymus imagwira ntchito yaikulu munthu akadali mwana. Ndi kumene maselo ena a chitetezo cha m'thupi amaphunzirira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi. Munthu akatha msinkhu imayamba kufota, malo ake n'kudzaza mafuta. Zotupa zake zodziwika ndi ziwiri. Thymoma imakula mwaulesi ndipo kawirikawiri imakhala m'kathumba kake. Thymic carcinoma ndi yolusa, imalowerera ziwalo zoyandikana nayo n'kufalikira msanga. Zonsezi n'zosowa kwambiri: pa anthu 1 miliyoni, opezeka nazo pachaka mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ambiri amakhala azaka za pakati pa 40 ndi 70. Ena amazidziwa mwangozi atajambulidwa pachifuwa pa chifukwa china. Ena amafika kuchipatala zikope zikugwa zokha, akuona zinthu ziwiriziwiri, nsagwada zikutopa potafuna. Amenewo ndi matenda a myasthenia gravis, amene amagwira pafupifupi mmodzi mwa odwala thymoma atatu alionse.

Wodwala akamva kuti kunja kuno kuli chithandizo cha proton, chomwe ndi njira ina yowotchera chotupa ndi cheza m'malo mwa cheza cha X-ray, amafulumira kuganiza kuti ndi chida champhamvu kuposa zonse, chimene akumanidwa chifukwa chosowa ndalama. Maganizo amenewa ndi ofunika kuwongola. Proton sipha chotupa kuposa X-ray. Mlingo ukafanana, chotupa chimamva moto womwewo. Kusiyana kwake kuli pa zimene zimachitikira mtima, mapapo ndi mabere pamene chotupacho chikuwotchedwa, ndiponso zimene zidzatuluke patatha zaka 15 kapena 20. Koma tisanafike n'komwe kumeneko, pali mafunso ena oyamba.

Mpeni ndiwo umatsogola

Ngati chotupa chingachotsedwe chonse, opaleshoni ndiyo chithandizo chenicheni, zina zonse zimangobwera kudzathandizira. Njira yakale, yomwe ikadali yodalirika pa zotupa zazikulu, ndi yodula fupa la pachifuwa pakati, kuchotsa thymus yonse pamodzi ndi mafuta oizungulira, kenako kulumikiza fupalo ndi mawaya achitsulo. Pa zotupa zing'onozing'ono madokotala ambiri masiku ano amaboola timabowo m'mbali mwa chifuwa n'kugwira ntchitoyo ndi kamera kapena roboti. Bala limachepa ndipo wodwala sakhalitsa m'chipatala. Komabe chachikulu si kukula kwa bala. Chachikulu n'chakuti chotupa chituluke chathunthu, kathumba kake kosang'ambika, chifukwa kakang'ambika maselo amamwazikira pakansalu kopyapyala kokuta mapapo, kamene madokotala amakatcha pleura.

Opaleshoni ikatha, pepala lofunika kuposa onse ndi lochokera kwa dokotala wopima chotupacho pa maikulosikopu. Akalemba R0, ndiye kuti m'mphepete monse mwa chimene chadulidwacho mulibe khansa. R1 ikutanthauza kuti mwatsala timaselo tosaoneka ndi maso. R2 ndiye kuti dokotala wa opaleshoni wasiya chigawo chooneka, mwina chifukwa chinamatirira pamtsempha waukulu wa magazi. Pepala lomwelo limanenanso mtundu wa chotupa malinga ndi kagawidwe ka bungwe la WHO, kuyambira A, AB, B1, B2 mpaka B3, kenako carcinoma. Limanenanso siteji. Poyeza siteji, kutanthauza pamene chotupa chafika, zipatala zambiri zimagwiritsabe ntchito kagawidwe ka dokotala Masaoka ka mu 1981, kamene dokotala wina, Koga, anakakonza mu 1994, pamodzi ndi kena kotchedwa TNM kamene kanabwera pambuyo pake.

Tsono apa ndi pamene kuyerekeza koyamba kumachitikira, ndipo sikukhudza makina alionse. Thymoma ya siteji 1 yochotsedwa yonse sifunika kuwotchedwa. Pa siteji 2 yochotsedwa bwino akatswiri sagwirizana: ena amangoyang'anira ndi masikani, ena amawotcha ngati mtundu wake ndi B2 kapena B3. Ku France, gulu la zipatala lotchedwa RYTHMIC linayambitsa kafukufuku wa RADIORYTHMIC, wogawa odwala mwachisawawa kuti ena awotchedwe ena angoyang'aniridwa, n'cholinga chothetsa mkangano womwewu. Pa siteji 3, pa R1 ndi R2, ndiponso pa thymic carcinoma yambiri, madokotala ochuluka amalimbikitsa radiotherapy, kutanthauza kuwotcha ndi cheza. Choncho munthu amene ali pamalire, amene akuvutika kufufuza kumene kuli proton, ayambe wafunsa ngati kuwotchako kukufunika n'komwe. Palibe makina amene amateteza mtima kuposa kusauwotcha.

Zikatsimikizika kuti radiotherapy ikufunika, mlingo wake umayezedwa mu Gray, mwachidule Gy. Malangizo a NCCN, bungwe la zipatala za khansa la ku America, amatchula 45 mpaka 50 Gy ngati m'mphepete muli moyera kapena chotupa chinangoyandikira, 54 Gy ngati mwatsala timaselo, ndi 60 mpaka 70 Gy ngati chatsala chigawo chooneka kapena opaleshoni siingatheke. Mlingowu amaugawa pang'onopang'ono, 1.8 kapena 2 Gy patsiku, masiku asanu pamlungu. Ndiye kuti wolandira 50 Gy amapita kumakina maulendo 25, milungu isanu yathunthu. Manambala amenewa sasintha kaya mwasankha proton kaya X-ray.

Mmene cheza chimayendera m'thupi

Cheza cha X-ray chochokera m'makina otchedwa linac chikalowa m'thupi chimataya mphamvu yake yambiri chikangodutsa khungu pang'ono, kenako chimapitirira chikufooka mpaka kutulukira mbali inayo. Sichiima. Chili ngati munthu wolowa pakhomo la kutsogolo mapazi ali matope, n'kudutsa nyumba yonse mpaka kutulukira la kumbuyo. Matope ambiri atsala pakhomo, koma m'zipinda zonse zimene wadutsa muli zidindo. Ngati chezacho chalowera pachifuwa kulunjika thymus, zipinda zimenezo ndi mtima, m'mero ndi msana.

Proton ndi kanthu kolemera, kokhala ndi mphamvu ya magetsi, kamene makina otchedwa cyclotron kapena synchrotron amakathamangitsa mpaka liwiro loposa theka la liwiro la kuwala. Kakalowa m'thupi kamanka kachepetsa liwiro, ndipo mphamvu yake yambiri kamaitulutsa kakatsala pang'ono kuima. Kakaima, basi, kuseri kwake kulibe chimene chimafikako. Pamene kaimire pamadalira mphamvu imene kaponyedwa nayo, ndiye akatswiri angathe kusankha kuti kaime pa masentimita 4 kapena 9 kapena 25. Nsonga imeneyi imatchedwa Bragg peak, potengera dzina la William Henry Bragg amene anaona khalidweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Si njira ya dzulodzuloli ayi. Wasayansi Robert Wilson analemba mu 1946 kuti maproton angathe kuchiza zotupa, ndipo odwala oyamba analandira chithandizochi ku Berkeley, ku America, mu 1954. Kwa zaka zambiri zinkachitikira m'malo ofufuzira sayansi, mpaka mu 1990 pamene chipatala cha Loma Linda ku California chinatsegula malo akeake. Mu 1996 a Paul Scherrer Institute ku Switzerland anayamba kuchiza ndi kacheza kowonda ngati pensulo, kamene kamapenta chotupa kadontho ndi kadontho, mzere ndi mzere. Njira imeneyi ndiyo ili m'malo ambiri atsopano. Yakale ija, yomwaza maproton n'kuwatchinga ndi zitsulo zosemedwa molingana ndi wodwala, ikutha pang'onopang'ono. Ponena za mphamvu, akatswiri amawerengera kuti proton imaluma mowirikiza 1.1 poyerekeza ndi X-ray, ndipo amachotseratu kusiyanako polemba mlingo.

X-ray ya masiku ano si ija ya kale

Otsatsa proton amakonda kuyerekeza chida chawo ndi X-ray yachikale, ya cheza chimodzi kutsogolo china kumbuyo. Kuyerekeza kotero n'kokondera. Njira ya 3D inabweretsa sikani ya CT pokonza pulani ya kumene cheza chilunjike. IMRT inawonjezera luso losintha mphamvu ya cheza mkati mwa dera limodzi lomwelo lolunjikidwa, kuti mlingo waukulu ukumbatire chotupa molingana ndi maonekedwe ake. VMAT imachita zomwezo makina akuzungulira wodwala, ndipo imatha m'mphindi zochepa. Mtengo wa luso limeneli ndi wakuti, pothawa kuunjika mlingo waukulu pamalo amodzi athanzi, cheza chimalowera mbali zambiri, ndiye kamlingo kochepa kamanyowetsa dera lalikulu la mapapo ndi mabere. Walira mvula walira matope. Okonza pulani aluso amachepetsa vutoli posankha kuti makina azingowomba chakutsogolo ndi chakumbuyo, osati m'mbali.

Palinso kanjira kena kamene sikafuna nyumba yatsopano kapena makina odula, koma kamasintha zinthu kwambiri: kukoka mpweya n'kuugwira. Wodwala amagona chagada, manja atakwezedwa pamwamba pa mutu, pakhungu pali timadontho ta inki tosonyeza pamene cheza chilunjike. M'chipindamo amatsala yekha. Mawu amamveka pasipika kuti kokani mpweya, kokaninso pang'ono, gwirani pomwepo. Pakagalasi kamene kali patsogolo pake amaona kamzere kakukwera mpaka kulowa m'bokosi, ndipo makina amangowomba kamzereko kakakhala m'bokosimo. Pakatha masekondi 20 kapena kuposerapo amauzidwa kuti apume, kenako ayambirenso. Pamene mapapo adzaza chonchi, mtima umatsikira chakumunsi n'kutalikirana ndi dera lakumtunda kumene thymus inali, ndipo mapapo otambasuka amalandira gawo lochepa la mlingo.

Kwa wodwala amene chotupa chake chinali chakumtunda, pamwamba pa mtima, VMAT yochitidwa atagwira mpweya ingathe kutsitsa mlingo wa pamtima mpaka pamene proton ilibenso chambiri chowonjezera. Vuto n'lakuti si onse angagwire mpweya. Myasthenia gravis imafooketsa minofu yopumira. Enanso pa opaleshoni amadulidwa mtsempha woyendetsa chiwalo chopumira cha pansi pa mapapo, ngati chotupa chinaukulunga, ndipo mpweya wawo umafupika. Kwa anthu oterewa kanjira aka kamakanika, ndipo mpata wa proton umakula.

Pamene proton imapindula

Malo a thymus amakhala ngati anakonzedwera proton. Dera lowotchedwa lili kutsogolo, ziwalo zofunika kuziteteza zili kumbuyo. Cheza chimodzi kapena ziwiri zolowera pachifuwa zimakwanira, zimaima zisanafike mkati mwa mtima, ndipo m'mero ndi msana zimatsala pafupifupi osakhudzidwa. Pafupifupi kafukufuku aliyense amene anakonza mapulani awiri pa wodwala mmodzi anapeza kuti mlingo wa pamtima, pamapapo ndi pam'mero umatsika ndi proton. Pamenepa palibe mkangano. Ndi masamu.

Nanga kutsikako kuli ndi phindu lanji? Umboni wotchuka umachokera kwa amayi odwala khansa ya m'mabere. Sarah Darby ndi anzake anasindikiza mu 2013 zimene anapeza kwa amayi oposa 2,000 a ku Sweden ndi Denmark: pa Gy iliyonse yowonjezera pamlingo wapakati wa mtima wonse, chiopsezo cha matenda aakulu a mitsempha ya mtima chinkakwera ndi 7.4 peresenti, ndipo panalibe mlingo wochepa umene unaoneka kuti ndi wopanda vuto. Chiopsezocho chinkayamba m'zaka zisanu zoyambirira n'kupitirira kwa zaka zoposa 20. Dziwani kuti 7.4 ameneyu akuwonjezera pa chiopsezo chimene munthu ali nacho kale. Wosuta fodya, wa shuga kapena wothamanga magazi ali ndi chambiri chotaya kuposa amene mtima wake uli bwinobwino. Amayiwo anawotchedwa ndi njira zakale, ndipo sanali odwala thymus, koma mtima ndi womwewo.

Chifukwa chimene nkhaniyi imalemera pa thymoma n'chakuti odwala ake amakhala moyo nthawi yaitali. Pa khansa zina za m'chifuwa dokotala amalimbana ndi zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi. Munthu wa zaka 45 amene thymoma yake yachotsedwa angathe kufika zaka 75, ndiye ali ndi nthawi yokwanira yoti zipsera za cheza zionekere: mitsempha ya mtima kuthina, zitseko za mtima kuuma, kansalu kokuta mtima kukhuthala. Onjezerani kuti mankhwala odziwika a thymoma, ophatikiza cisplatin, doxorubicin ndi cyclophosphamide, ali ndi doxorubicin amene payekha amafooketsa mnofu wa mtima. Wolandira zonse ziwiri mtima wake wamenyedwa kawiri. Palinso nkhani ya khansa yachiwiri yoyambitsidwa ndi cheza chomwecho, makamaka m'mabere mwa amayi achitsikana ndi m'mapapo. Odwala thymoma amadziwika kale kuti amagwidwa ndi khansa zina kuposa anthu wamba, ndiye kuchepetsa dera lonyowetsedwa ndi cheza n'kwanzeru.

Koma tinene chilungamo pa umboni. Palibe kafukufuku amene anagawa odwala thymus mwachisawawa, ena proton ena X-ray, n'kuwatsatira kwa zaka zambiri. Matendawa ndi osowa kwambiri moti kupeza anthu okwanira n'kovuta. Zimene zilipo ndi timagulu ting'onoting'ono. Yunivesite ya Pennsylvania ku America inasindikiza mu 2016 zotsatira za odwala osakwana 30, ndipo zinali zolimbikitsa: chotupa sichinkabwerera pamalo owotchedwa, mavuto aakulu sanaoneke. Koma anawatsatira kwa nthawi yochepa, pamene phindu limene tikuliyembekezera ndi la zaka 20 kutsogolo. Pa khansa zina za m'chifuwa, kumene kafukufuku wogawa mwachisawawa anachitika, mayankho anasiyana. Wa khansa ya m'mapapo wotsogozedwa ndi chipatala cha khansa cha MD Anderson ku America, wosindikizidwa mu 2018, anapeza kuti proton ya njira yakale ija inachepetsa mlingo wa pamtima koma sinachepetse kutupa kwa mapapo poyerekeza ndi IMRT. Wa khansa ya m'mero, wa mu 2020, anapeza kuti mavuto onse ataphatikizidwa anachepa ndi proton, ngakhale kuti kutalika kwa moyo kunali chimodzimodzi. Pulani yokongola pakompyuta sikuti nthawi zonse imasanduka thanzi looneka.

Kuima kumene kuli mphamvu yake ndiko kufooka kwake

X-ray imakhululuka. Wodwala akaonda pang'ono, kapena m'chifuwa mukadzaza timadzi, mlingo umasintha pang'ono chabe. Proton sikhululuka chonchi. Pamene iimire pamadalira kulimba kwa chilichonse chimene yadutsa, ndipo m'chifuwa muli zinthu zosiyana kwambiri: fupa lolimba, mnofu, ndi mapapo odzaza mpweya amene proton imadutsamo mosavuta. Cheza chimene dzulo chinadutsa m'mphepete mwa fupa chikadutsa lero m'papo chifukwa munthu wapuma mosiyana, chimapitirira kukaima patsogolo. Kutsogoloko ndi kumtima. Chikaima msanga, mbali ya dera lofunika imatsala yosawotchedwa mokwanira. N'chifukwa chake malo abwino amajambula sikani yoonetsa mmene chifuwa chimayendera popuma, amasiya mpata wa mamilimita angapo, amapenta dera lomwelo kangapo paulendo umodzi, ndipo amabwereza sikani mkati mwa milungu ya chithandizo kuti akonzenso pulani ngati thupi lasintha.

Pali kanthu kenanso kamene sikatchulidwa kawirikawiri m'timapepala totsatsa. Kumapeto kwenikweni kwa ulendo wake, proton imaluma kwambiri kuposa 1.1 uja. Pa thymus mapeto amenewo amagwera pakhoma la kutsogolo kwa mtima, pafupi ndi pamene mitsempha yodyetsa mtima imayambira. Choncho mlingo wapakati wa mtima wonse ungathe kukhala wotsika mochititsa chidwi pamene kachigawo kakutsogolo kalandira wochuluka ndithu. Ngati chotupa chinamatirira pakansalu kokuta mtima, dera limenelo liyenera kuwotchedwa basi, ndipo palibe makina amene angalilambalale. Mawaya omangira fupa aja nawonso amasokoneza chithunzi cha CT, zomwe zimavutitsa kuwerengera pamene cheza chiimire. Khungu la pachifuwa limatha kufiira kwambiri ndi proton chifukwa cheza chonse chimalowera malo amodzi, ngakhale kuti zimenezi zimapola.

Chinanso n'chakuti thymoma ikabwerera, kawirikawiri sibwerera pamalo pamene inali. Imatulukira pa pleura, ngati timadontho tomwazikana, nthawi zina pansi penipeni pa papo, patatha zaka zambiri. Kumeneko n'kunja kwa dera lowotchedwa, kaya ndi proton kaya ndi X-ray. Amene akuyembekezera kuti proton imutsekera khomo limeneli akuyembekezera chimene chidachi sichinalonjeze.

Kenako pali nkhani ya mtunda ndi nthawi. Malo a proton padziko lonse ndi oposa 100, ndipo ambiri ali ku United States, ku Ulaya, ku Japan ndi ku China, pamene malinac alipo masauzande ambiri. Makina ozungulitsa cheza cha proton m'malo ambiri amalemera matani oposa 100 ndipo amafuna nyumba yakeyake ya makoma okhuthala. Ngakhale dziko la Britain linatsegula malo ake oyamba a boma a proton yamphamvu mu 2018, ku The Christie mumzinda wa Manchester, ndipo achiwiri ku London mu 2021. Kwa odwala ambiri kusankha proton kumatanthauza kuchoka pakhomo kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, kudikira chilolezo cha a inshuwalansi kapena a boma, ndi kusiya dokotala amene amadziwa myasthenia yawo. Pamene zonsezi zikuyenda, masiku akutha. Malangizo a ESMO, bungwe la madokotala a khansa la ku Ulaya, amati radiotherapy iyambe pasanathe miyezi itatu chichitikireni opaleshoni. Kwa amene ali ndi R1 kapena carcinoma, IMRT yabwino yoyamba pa nthawi yake imaposa proton yobwera mochedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mapulani awiri pakompyuta imodzi

Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo ndi imene a ku Netherlands anaikhazikitsa posankha oyenera proton pa khansa zosiyanasiyana. Amatenga sikani ya wodwala mmodzi, amakonza pulani yabwino koposa ya X-ray ndi yabwino koposa ya proton, kenako amawerengera kuti chiopsezo cha mavuto chitsika bwanji. Kusiyana kukakhala kwakukulu, wodwala amatumizidwa ku proton. Kukakhala kochepa, amalandira X-ray kufupi ndi kwawo. Palibe kukhulupirira dzina la makina.

Mukakhala pansi ndi dokotala wa radiotherapy, mupempheni akuonetseni chithunzicho. Mudzaona chifuwa chanu chodulidwa mopingasa, dera lowotchedwa lili lofiira, ndipo molizungulira muli mitundu yonka izirala, yachikasu, yobiriwira, mpaka ya buluu. Papulani ya VMAT buluuyo amafalikira m'mapapo ndi kuseri kwa mtima. Papulani ya proton amathera pafupi, kumbuyo kuli bii. Maso amakopeka msanga ndi chithunzi chachiwirichi, choncho musalekere pa mitundu. Funsani manambala: mlingo wapakati wa mtima wonse, mlingo wa pamitsempha yodyetsa mtima, mlingo wapakati wa mapapo, ndipo kwa amayi, wa mabere. Funsaninso ngati pulani ya X-ray yakonzedwa mutagwira mpweya, chifukwa kuyerekeza proton ndi pulani yokonzedwa mwaulesi kumapatsa proton ulemu umene sinaugwirire ntchito. Mwachitsanzo, ngati mtima ukulandira 3 Gy ndi X-ray koma 2 Gy ndi proton, ulendo wautali ndi wovuta kuulungamitsa. Ngati ndi 14 Gy uku ndi 5 Gy uko, kwa munthu wa zaka 40, nkhaniyo ndi ina.

Amene kawirikawiri amapindula kwambiri ndi achinyamata, amene dera lawo lowotchedwa likutsikira patsogolo pa mtima kapena ndi lalikulu, amene ali kale ndi matenda a mtima kapena mapapo, amene alandira doxorubicin, ndi amene akufunika mlingo wa 60 Gy kupita m'mwamba chifukwa chotupa sichinachotsedwe. Wokalamba amene kadera kake ndi kakang'ono, kakumtunda, sataya kanthu kooneka akalandira X-ray.

Mankhwala sapikisana ndi cheza, amagwira ntchito ina. Chotupa chikakula moti mpeni sungayambe, chemotherapy imaperekedwa kaye kuti chifote, kenako madokotala amaonanso ngati opaleshoni yatheka. Pa thymic carcinoma ambiri amagwiritsa ntchito carboplatin ndi paclitaxel. Matenda akafalikira pali mapiritsi monga sunitinib ndi lenvatinib. Mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, monga pembrolizumab, amene athandiza pa khansa zina zambiri, ndi oopsa pa thymoma: chitetezo cha odwalawa chimakhala chosokonekera kale, ndipo chingatembenukire mtima ndi minofu mpaka kupha. Za cheza cha carbon, chimene chinayamba kuchiza odwala ku Chiba m'dziko la Japan mu 1994 ndipo chilipo ku Heidelberg ku Germany ndi ku Pavia ku Italy, palibe chambiri chonena pano. Chimaima ngati proton, chimaluma kwambiri, koma malo ake ndi ochepa zedi ndipo si njira yozolowereka pa thymus.

Pali malo amodzi pamene ngakhale okayikira proton amavomereza msanga: kuwotcha kachiwiri. Thupi siliiwala cheza chimene linalandira. Msana, m'mero, mtima ndi mapapo zili ndi malire a moyo wonse, ndipo munthu amene anawotchedwa zaka 8 zapitazo, chotupa n'kubwerera pafupi ndi dera lakale, amakhala atadya kale gawo lalikulu la malirewo. Pamenepo cheza choima chisanafike pachiwalo chotopa chingatsegule mpata umene X-ray ikanautseka. Pa chifukwa chimenechi, aliyense womaliza radiotherapy ya pachifuwa, ya mtundu uliwonse, apemphe kuti amupatse pulani yake yonse pa diski kapena pa fulashi, osati kalata yachidule yokha, n'kuisunga bwino. Masikani owunika thymoma amapitirira kwa zaka zosachepera 10, madokotala amasamuka, zipatala zimasintha makompyuta, ndipo dokotala amene adzaone kadontho katsopano pa pleura m'chaka cha 9 adzafuna kudziwa ndendende pamene Gy iliyonse yakale inagwera.